Tepi ya Lonah ndi Khomo la Kuseri

Lonah ndi telala pamsika wa Maramba ku Livingstone, ndipo ngati munamuonapo wopanda tepi m'khosi, ndiye kuti munaona wina. Amapita nayo kutchalitchi, kumaliro, ngakhale kuchigayo. Mzimayi akamuuza kuti m'chiuno mwake ndi mainchesi 34, Lonah sayankha, amangomuzunguliza tepi n'kulemba 40. "Pakamwa pamanama, tepi sinama," amatero. Anthu amadandaula kuti ndi waukali, koma nsalu za ukwati amabwera nazo kwa iye yemweyo.

Anabadwira ku Dambwa, m'banja la Chitonga, nakwatiwa ndi Oscar, dalaivala wa malole a ku Kazungula. Oscar anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, namusiyira mwana mmodzi, Chipego, ndi bambo a Oscar okalamba, ba Mukelabai. Abale a Lonah anati bwerera kwanu, ukadali mtsikana. Katundu anamangadi, koma mwezi womwewo mkuluyo anagwa ndi sitiroko, mbali yonse yakumanzere n'kufa. Ana awo ena ali kutali. Akanawasiyira ndani? Anamasula katundu uja.

Kusamala apongozi aamuna si masewera. Mwambo wa m'banjamo sulola mkazi wa mwana kukhudza thupi la apongozi ake. Lonah amawaphikira, amawachapira, amakankha chikuku chawo, njinga ya olumala ija, atagwira zitsulo zokha. Kusambitsa ndi kunyamula ndi ntchito ya bambo wina wa kutchalitchi amene amabwera m'mawa uliwonse. Zaka zonsezi nyumba imodzi, chala cha Lonah sichinagundepo dzanja lawo. Ngakhale kapu ya tiyi amaika patebulo, osati m'manja.

Ba Mukelabai ananyamula odwala pamachira kwa zaka 31 pa kachipatala kena ka ku Highlands komwe kanatsekedwa kalekale. Akazi awo, ba Muyoba, ankathandiza azamba pomwepo, ndipo anamwalira kachipatalako kakugwirabe ntchito. Zithunzi zawo zonse zinali m'sutikesi pansi pa bedi. Chiswe chinadya sutikesi, zithunzi ndi chikalata cha ukwati chomwe, osasiya kanthu. Mkuluyo sanalire pamaso pa anthu, koma tsiku lina anauza Lonah kuti nkhope ya mkazi wawo yayamba kuwathawa m'mutu.

Ndiye tsiku lina Lamulungu, potuluka m'tchalitchi, mphunzitsi wina dzina lake Agness anawaimitsa. Anati kachipatala kaja anakasandutsa myuziyamu, nyumba yoonetseramo zinthu zakale zachipatala, majakisoni agalasi, mabedi achitsulo, mipeni ya opaleshoni. Iye anapitako ndi ana asukulu, ndipo pakhoma la m'chipinda cha azamba anaona chithunzi cha antchito, ba Muyoba ali chilili kumapeto, dzina lawo litalembedwa pansi.

Mkuluyo sanadye masana amenewo. "Amake Chipego," anatero, "nifuna nikamuone."

Vuto linali masiku. Mwana wawo wamkazi, Nalishebo, anali atanena kale kuti Loweruka akubwera kudzawatenga, azikakhala ku Mongu. Ndipo aliyense ankadziwa, ngakhale panalibe wonena, kuti munthu wa zaka 79, wa ng'ala m'maso onse awiri, akapita ku Mongu sadzapondanso Livingstone.

Lolemba Lonah anaimba foni kumyuziyamu. Anayankha ndi ba Misheck, woyang'anira pamalopo, munthu wa mawu ofewa ngati buledi wa lero.

"Muli na njira ya chikuku?"

"Bwerani chabe amai, aliyense alowa."

"Sin'nafunse za aliyense. Khomo lanu ni mainchesi angati?"

"Ni lalikulu maningi."

Lalikulu maningi, ati lalikulu kwambiri! Lonah anadula foni. Amenewo ndi mawu omwe aja a mzimayi wa 34. Lachiwiri anatseka shopu, diresi la mwini wake lili theka pamakina, nakwera basi ndi tepi yake. Chikuku anali atachiyeza kale kunyumba: mainchesi 26, gudumu mpaka gudumu.

Pakhomo lakumaso anapeza masitepe atatu. Chabwino, thabwa likhoza kuikidwa. Khomolo linali 30, chikuku chikanadutsa. Mtima unayamba kutsika. Koma kuti ufike kuchipinda cha azamba umadutsa kakhomo kena kam'kati, ndipo atatambasula tepi, inaima pa 24. Anayezanso, mwina walakwitsa. 24 yomweyo. Mainchesi awiri okha, kutalika kwa chala chachikulu, ndiwo ankatsekereza munthu kuona mkazi wake.

"Chotsani chitseko," anatero Lonah.

"Awe amai, nyumba ino ni yotetezedwa. Ngakhale msomali sitikhoma."

"Ndiye chotsani chithunzi, muwabweretsere panja."

Ba Misheck anamuonetsa. Chithunzicho chinali m'galasi lomangidwa kukhoma ndi masikuluu. Kuti achichotse pamafunika kalata kwa bwana, bwanayo ali ku Lusaka ku msonkhano, ndipo akabwera komiti iyenera kukhala pansi. Mwina mwezi wamawa.

"Mwezi wamawa mudzaonetsa ndani? Chikuku chopanda munthu?"

Ba Misheck anakanda m'mutu. Sanali munthu woipa, ndicho chinkapsetsa mtima kwambiri. Woipa umamukalipira n'kupepukidwa, koma uyu ankangovomera chilichonse, "zoona amai, zoona amai," khomo lili 24 pomwepo. Kenako anati, "Tili amuna atatu pano. Tizawanyamula chabe."

Lonah anajambula chithunzicho pafoni napita nacho kunyumba. Galasi linabweza kuwala kwa zenera, ndipo ba Muyoba anatuluka kadontho ngati nyemba. Mkuluyo anaika foni pamphuno, naitalikitsa, naibwezanso pamphuno.

"Niona mitambo chabe," anatero, naikankhira patebulo.

Atawauza za kunyamulidwa, nkhope inasintha. "Ine? M'nyumba ija? Zaka 31 ninanyamula anthu mmenemo. Wonyamulidwa ni wodwala. Ine siniyenda kukagonekedwa, niyenda kukaona mkazi wanga. Aniona nili m'manja mwa anyamata monga thumba la makala? Ngati ni choncho lekani."

Lonah anatuluka panja kuti asayankhe mwano. Anakwiyira nyumba yotetezedwa, anakwiyira bwana wa ku Lusaka, anakwiyira chiswe, ndipo kunena zoona anakwiyiranso nkhalamba youma mutuyo. Kwa Oscar ndiye anachita kutchula dzina, kuti iwe unagona zako, wandisiyira ine makomo.

Lachitatu anatsekanso shopu. Mwini diresi anaimba kanayi, iye osayankha. Atafika sanapereke n'moni womwe, anangoyamba kuzungulira nyumba yonse, kuyeza chilichonse chotseguka, ndi mazenera omwe. Kuseri, kupitirira thanki ya madzi, anapeza khomo la zitseko ziwiri. Kutsogolo kwake kunalibe sitepe, koma simenti yotsetsereka bwinobwino mpaka pansi. Tepi inati 48. Anasuzumira pamng'alu: zidebe za penti, matsache, ndipo kupitirira apo, mpita wolunjika kuchipinda cha azamba.

"Ba Misheck!" anakuwa. "Masiku awiri munizunza, khomo lili apa?"

Ba Misheck anabwera pang'onopang'ono, kumwetulira kuja kutatha. Anati makiyi alipo, koma khomo limenelo salitsegula. Ngakhale osesa salifuna. Analoza kanjira ka simenti kochoka pakhomopo kukathera pa kanyumba kopanda mazenera pansi pa mtengo wa mango.

"Paja panali pa motchale, amai. Ili ni khomo lotulutsira mitembo."

Walira mvula walira matope. Lonah anakhala pa thanki. Kulowetsa nkhalamba yodwala pakhomo la mitembo, kutatsala tsiku limodzi kuti iyambe ulendo! Zikadzachitika zoipa ku Mongu, adzati chiyani? Iye ndi mkazi wamasiye, ndipo pamaliro a Oscar manong'onong'o anawamva ndi makutu ake. Adzati anayamba ndi mwana, tsopano watsiriza bambo, anachita kuwayeseza njira. Anachita mantha, ndipo anakwiya chifukwa chochita manthawo.

Koma 48 ndi 48. Anaimirira nati, "Chotsani zidebe. Lachisanu teni koloko mutsegule. Ndipo pakamwa panu mutseke."

Lachinayi lonse anasoka. Anatenga chitenge chake chatsopano cha maluwa achikasu, chimene ankasungira Khirisimasi, nachidula makatani awiri, mapinda ndi zingwe zomwe. Msomali saloledwa, ndiye anakamangirira ndi chingwe pamwamba pa zitseko. Anabwereka miphika iwiri ya maluwa kwa mlonda naiika uku ndi uku. Kanjira ka ku motchale anakatchinga ndi benchi. Ataima patali, khomolo linkaoneka ngati polowera alendo a ukwati. Kunyumba anangouza apongozi ake kuti, "Batata, napeza khomo la m'mbali. Mawa tiyenda."

Lachisanu mkuluyo anavala jekete ndi tayi, tsitsi atalipesa ndi dzanja lamoyo lija. Wa takisi woyamba ataona chikuku anati buti yadzaza, nathawa. Wachiwiri anavomera, chikuku chikulendewera kumbuyo chomangidwa ndi lamba. Anafika mochedwa ndi theka la ola, Lonah thukuta kamukamu. Anakankha chikuku mofulumira kudutsa pa thanki, akulankhula zambirimbiri za dzuwa ndi za maluwa, kuti mkuluyo asayang'ane uku ndi uku.

Magudumu atangogunda simenti yotsetsereka ija, dzanja lawo lamanja linagwira gudumu. Chikuku chinaima nji.

"Amake Chipego."

"Batata."

"Mwaveka khomo chitenge?"

Lonah anasiya kukankha. Ba Misheck anayang'ana nsapato zawo.

"Maso anafa, koma msana ukumbuka," anatero mkuluyo. "Simenti iyi tinaika ine na Mukuka, mnzanga wa pamachira, chifukwa masitepe anali kutipweteka mapewa. Mufuna kubisa khomo kwa munthu amene anali kusunga makiyi ake?"

"Pepani batata. Kulibe khomo lina. Nayesa zonse, nayeza nyumba yonse, nalephera." Misozi ya ukali inatsika. "Ngati simufuna tibwerere."

Mkuluyo anayang'ana maluwa achikasu aja.

"Muyoba ninamutulutsira pano," anatero. "Nemwine, kutsogolo kwa machira. Sin'nalole wina. Pakhomo pano sipanalowepo munthu, onse anali kutuluka chabe. Chotsani nsalu iyo, niione njira bwino. Pamene anatulukira ni pamene nizalowera."

Lonah anakoka chingwe, makatani a tsiku lathunthu n'kugwera pansi. Anakankha, chikuku chinalowa mosakhudza mbali, malo otsala mbali zonse.

M'chipinda cha azamba anaimika chikuku pansi pa chithunzi. Mkuluyo anakweza mutu, natsinzinira, napendeka khosi.

"Chili kuti?"

Apa m'pamene Lonah anazindikira cholakwa chake. Anayeza masitepe, anayeza makomo, anayeza mpita, koma sanayeze kutalika kwa khoma. Chithunzicho anachipachika poti aone munthu woimirira. Iye telala wa zaka makumi awiri pantchito, woseka anzake a 34! Kuchoka pa chikuku, ndi ng'ala zija, mkuluyo ankangoona kuwala kwa galasi. Lonah analuma tepi yake kuti asakuwe.

"Niimikeni," anatero ba Mukelabai. "Osati kunyamula. Kuimika."

Ba Misheck analowa kudzanja lamanja, mkuluyo nawakoloweka mkono m'khosi. Anayesa kudzuka, koma mbali yakufa ija inawakokera pansi, nagweranso pampando. Anzawo a ba Misheck aja anali kugeti ndi gulu la alendo. Anayesanso, chimodzimodzi. Kumanzere kunkafunika munthu, ndipo m'chipindamo munthu wotsala anali mmodzi, ataima patali, manja atawapinda kumbuyo monga ankachitira zaka zonsezi.

Mkuluyo sanamuitane amake Chipego.

"Lonah, mwana wanga. Bwera unigwire."

Chifikireni m'banjamo anali asanamvepo dzina lake pakamwa pawo. Anayang'ana kukhomo ngati kuti wina amuona, kenako analowetsa phewa m'khwapa mwawo, dzanja n'kuzunguliza m'chiuno. Anadabwa kupepuka kwawo. Munthu amene ankamuphikira tsiku ndi tsiku anali mafupa okhaokha m'jekete, ndipo tepi yake inali isanamuuzepo zimenezo.

Anaimirira. Mphuno yawo inatsala pang'ono kugunda galasi, mpweya ukuchita nthunzi pamenepo. Anayenda ndi maso pamzere wa anthu ovala zoyera mpaka kumapeto, naima.

"Ni yeve," anatero. Anaseka pang'ono, kuseka konyowa. "Ona, nsapato izo anabwereka kwa asisitala. Zinali kumupana, tsiku lonse anali kunitukwana ine."

Mwendo wamoyo uja unayamba kunjenjemera. Ba Misheck ananong'oneza kuti mwina akhale pansi apume kaye, koma mkuluyo sanawamve n'komwe. Phewa la Lonah linali litachita dzanzi, ndipo foni inkalira m'chikwama, mwina mwini diresi, mwina Nalishebo kunena za basi ya mawa.

"Usanisiye," anatero ba Mukelabai, maso ali pagalasi. "Nikali kuona."

"Onani batata," anatero Lonah, nalimbitsa dzanja. "Nakugwirani."