Khoma la Ermes Zanchetta

Mpaka lero sindimvetsa chimene chinkamusunga Ermes Zanchetta pa ntchito ya a Pulofesa. Ansembe amene anandiphunzitsa ankati kutamanda munthu n'kumutchera msampha, choncho ndingonena kuti ntchito yake ankaidziwa. Ankasakaniza njereza ndi fumbi la mwala woyera, n'kupaka pakhoma mopyapyala ngati khoko la anyezi, kenaka n'kukwecha ndi mpeni wachitsulo ndi sopo mpaka munthu kudzionera nkhope pakhomapo.

Ine ndinali kalipentala pa manda amene banja lina lolemera la ku Treviso linkamangitsa. A Pulofesa, amene anajambula mandawo, ankabwera kuchokera ku Venezia, ndudu ili pakamwa. Ankagunditsa tsaya pakhoma n'kuliyang'ana chammbali.

"Gumula."

"Bwana Pulofesa, chalakwika n'chiyani?"

"Likuwala ngati bafa la m'hotela. Ine ndikufuna kuwala kwa madzi. Madzi unawaonapo iwe, kapena ndi vinyo yekhayekha?"

Ermes ankagumula. Njereza inali itamudya zala mpaka kung'aluka, ndipo dokotala anali atamuuza kuti khomali ndi lomaliza. Ankafuna lidzatsale, zidzukulu zizidzalozerana.

Tsiku lina a Pulofesa anachotsa tsaya pakhoma n'kunena kuti, "Basi." Ermes anapita kukamwa kubala ya mayi Nives n'kugulira aliyense vinyo, ngakhale tambula yake ankaigwira ndi manja awiri ngati mwana.

Sabata yotsatira Olindo, wosula zitsulo, anabweretsa ngalande yamkuwa n'kuikhoma pamwamba pa khomalo. Pansi pake panali kampata kakatali, kodulidwa mosamala.

"Iwe Olindo, wakalamba. Ngalande yako ikudontha isanaone mvula."

"Ayi achimwene, anajambula choncho. Madzi azitsikira pakhoma lako."

Ermes anaseka, koma Olindo sanaseke. Masana omwewo Ermes anakwera makwerero n'kumata kampatako ndi njereza.

A Pulofesa anaona pomatapo asanafike n'komwe pachipata. Anatiitana tonse.

"Wamata ndani?"

"Ndine, bwana. Madzi adetsa khoma. Limera ndere."

"Nderezo ndi zimene ndikufuna. Awa ndi manda, Zanchetta, si sitolo ya makeke. Khoma liyenera kukalamba anthu akuliona."

"Nanga munkandigumulitsiranji, bwana?"

"Chinthu chonyansa chikaola, ndani amamva chisoni? Kwera, uchotse wekha."

Anakwera. Zala zinkakana kugwira mpeni, moti unagwa pansi. A Pulofesa anautola, anaupukuta ndi mpango wawo, n'kumupatsira mwaulemu.

Mvula itayamba, mizere yakuda inatsika pakhomapo, pambuyo pake yobiriwira. Ana asukulu za ukachenjede ankabwera pabasi kudzajambula mizereyo. Sindikana, inkaoneka monga a Pulofesa anafunira.

Kubala kuja, anthu amene anamwa vinyo wake uja sanamusiye.

"Ermes, munda wako wa ndere uli bwanji? Ukolola liti?"

"Musiyeni mkuluyu, ndi mmisiri. Ena amakodzera khoma kwaulere, iye anayamba walipukuta!"

Iye ankangoyang'ana tambula.

Lamulungu lina, Misa isanayambe, ndinamupeza Ermes ataima kumandako, chisoti chili kumutu. Anandipatsa mpeni wake uja wokutidwa m'nsanza, wothethekeratu kunsonga.

"Ukawapatse a Pulofesa. Auike pamvula, uchite dzimbiri bwino."

Anakwera njinga, atagwira chiwongolero ndi zikhatho, n'kulowera msewu wakumapiri. Mchemwali wake ankati ali ku Belluno, tauni ya kumapiriko, a ku Belluno ankati sanamuone.