Dera la a Kamwendo

Ndinaganiza zochoka chaka chomwe mwamuna wanga anamwalira. Malipiro a unamwino sankakwana kulera ana awiri, ndiye mnzanga Grace atandiimbira kuchokera ku Barking, ku London, kuti kunyumba ina yosamalira okalamba kukufunika anthu, sindinazengereze. Ana ndinawasiya ndi amayi kumudzi, ku Ntcheu.

Miyezi yoyamba ndinkangodziwa basi ya ku Romford, shifiti ndi kachipinda kanga kozizira. Ndalama ikalowa, ina ya lendi, ina ya kumudzi, yotsala khadi ya foni. Amayi ankangoti, "Ana ali bwino, iwe limbika." Sabata inkatha osaonana ndi munthu woti ndimupatse moni m'Chichewa, ndipo m'basi ndinkalira mobisa.

Kutchalitchi n'kumene ndinakumana ndi a Kamwendo, mkulu wa imvi amene anathawa kwathu nthawi ya chipani chimodzi. Ana awo anakulira ku London komweko. Chichewa ankamva, koma ankayankha m'Chingerezi. Nditatchula mudzi wathu, mkuluyo anavula chipewa.

"Iwe Nambewe, ndiwe wa m'dera langa!"

Kuyambira pamenepo, Lamlungu likakhala la ofu ndinkakamwa tiyi kwawo. Ankandifotokozera za zisankho za m'deralo ngati akutchula mayina a makolo awo. Phungu woyamba anali mphunzitsi wamkulu, analowa popanda wopikisana naye. Atamwalira kunabwera mwini chigayo, yemwe akuti ku Nyumba ya Malamulo ankangoodzera. Kenako chipani chinalola kuti anthu ake azipikisana okhaokha, a Kamwendo n'kuima ndi mwini malole wina.

"Ndinagwa chagada," anatero akuseka, koma maso osaseka. "Pamsonkhano wanga womaliza ndinafunsa chifukwa chake chipatala chathu chinalibe mankhwala. Anthu onse anangozyolika. Nditaluza, apolisi anayamba kufunsa za ine, ndiye ndinadutsa malire."

"Nanga zipani zitachuluka, bwanji simunabwerere?"

"Kwathu anandikana, mwana wanga. Ndikataniko?"

Ine ndinkadziwa kuti dera lawolo kulibenso, analigawa kalekale, koma sindinalimbe mtima kuwauza. Iwo ankandipatsa Chichewa ndi tiyi, ine n'kumawasiyira dera lawo lathunthu.

Ndinabwerera kumudzi mu 2009, anthu ali kalikiliki ndi kampeni. Mwana wanga Tiyamike anali atandipitirira msinkhu, ndipo anandipatsa moni wogwada ngati mlendo. Zinandiwawa, koma sabata isanathe tinali tikulimbirana mpango.

Mtsinje womwe tinkachapako unali utasanduka malire a madera awiri. Amayi ankavotera kusukulu yatsopano, achimwene awo tsidya linalo ankasankha phungu wina. Anyamata a pagolosale nditawafunsa za a Kamwendo, anangoyang'anana.

Masana ena amayi akusenda mtedza pakhonde, ndinatchula dzinalo. Manja awo anaima.

"Kamwendo wa njinga yamoto uja? Ali moyo?"

"Alipo, amayi. Amati munawakana."

"Tinawakana ndani?" Anaika lichero pansi. "Tinazyolika chifukwa kumbuyo kwathu kunaima anthu a makutu ataliatali. Koma m'bokosi ine ndinaponyera iwowo. Ine, a Nachisale, ndi amayi ambiri a kuchitsime. Bambo ako atamva anandikwiyira mpaka kukolola."

"Nanga bwanji simunanenepo?"

"Unandifunsapo?"

Ndinatenga foni n'kuimba ku London. A Kamwendo atayankha, ndinangowapatsira amayi, omwe anapukuta manja pachitenje n'kukhala bwino ngati mlendoyo wafika pakhomo.

"A Kamwendo, ndine Nangondo wa kwa Mbewe, simungandikumbuke. Ine ndinakuvoterani. Sitinakukaneni ayi, tinkangoopa."

Ndinasendera pafupi ndi foniyo. Kenako ndinamva a Kamwendo akufunsa ngati mtengo wa mkuyu wa pabwalo la msonkhano ukadalipo.

"Unagwa ndi mphepo," anatero amayi, "koma chitsa chinaphukira. Mukabwera mudzakhala pamthunzi."

Ndinawasiya akucheza, ine n'kutenga lichero lija. Zaka zonsezo ndinkayesa kuti amayi anga amangodziwa khasu ndi ana, osadziwa kuti ndinabadwa kwa mayi amene anavotera munthu woopsa kumuvotera, mwamuna wake osamupempha.