Uthenga Wosatsazika

Exildah anayenda wapansi kuchoka ku Mtendere kubwerera kwawo ku Kalikiliki akulira. Iye ndiye analemba pulogalamu imene kakiliniki ka ku Mtendere komwe ankagwira ntchito kankalandirira zotsatira za magazi kuchokera ku labu ya m'tauni, pa njira ya intaneti yobisa uthenga kuti wapakati asawerenge. Tsopano zotsatira za odwala atatu zinafika zoduka, mizere yomaliza palibe, ndipo mayi wina anabwezedwa kunyumba wopanda mankhwala.

A Mpundu, eni kiliniki, sanafufuze n'komwe. Ankadziwa kuti Exildah analephera giledi 12, makompyuta anaphunzira yekha akusesa m'kafe ya intaneti. Manesi ankanong'ona kuti amafufuta dala, mwina anatumidwa. Ukakhala wopanda pepala la sukulu, chikangosowa chinthu maso onse amabwera pa iwe.

"Nakupasa masiku yatatu," anatero a Mpundu. "Ukakangiwa kukonza, nizaleta wa digili m'malo mwako."

Exildah naye anayamba kukayikira aliyense: manesi, a ku labu, a Mpundu amene. Anawerenga mbiri ya pulogalamuyo mzere ndi mzere, napeza kuti mauthenga onse atatu anaduka teni koloko m'mawa. Tsiku lachitatu anakhala pa benchi ya odwala, maso pa soketi. Teni itakwana, a Kafula, nesi wamkulu, anazula chingwe cha rauta, kabokosi kobweretsa intaneti, n'kulumikiza ketulo ya tiyi.

Akanatha kuwaloza chala, ndipo mtima unkafunadi. Koma anadziwa kuti mlandu waukulu unali wake. Pa njira yobisayo, mbali yotumiza ikamaliza imapereka chizindikiro chotsazika isanatseke. Pulogalamu yake sinkadikira chizindikirocho. Njira ikangoti zii, inkayesa kuti uthenga wakwana.

Anaikonza kuti uthenga wosatsazika uzikanidwa n'kupemphedwanso. Kenako anauza a Mpundu zonse, kuyambira ndi kulakwa kwake.

"Ba Mpundu, ngati simunikhulupirira, zulani mweka."

A Mpundu anazula chingwecho okha uthenga uli pakati. Kompyuta inalemba mofiira kuti uthenga sunathe. Anazulanso, nazulanso, akumuyang'ana chammbali ngati wogulitsa foni pa City Market. Katatu konse pulogalamu inakana. Anakanda mutu, namuuza kuti mawa abwere msanga, adzaphunzitse manesi.

Inu amene akukukayikirani, musathawe ndi manyazi. Fufuzani mpaka muone ndi maso anu, ndipo mukapeza kuti vuto lili m'manja mwanu, linenani nokha ndi kulikonza. Limbani mtima, simunathe.