Bodza Limene Ninanama pa Apu ya Kukiliniki

Mwana wanga womaliza, mkazi, amalemba vinthu va mukompyuta. Osanifunsa kuti alemba chani, ine ninalekezera giredi sikisi. Chaka chija anali kusewenzera pano panyumba ku Matero, pathebulo langa lodulirapo vitenje, pamodzi na mnzake wakunchito, mwamuna wamtali wa ku Kitwe wonitana kuti bamayo. Anali kupanga kanthu ka pafoni kokumbutsa ise odwala shuga tsiku lokatenga mankhwala kukiliniki. Mabwana anati akakaonetse pa Chisanu, ndipo mwana wanga anali akali pamiyezi yoyesedwa, nchito isanakhale yake.

Koma kukangana kwake. Mwana wanga afuna apu ya vithunzi, yogwira na chala. Wa ku Kitwe afuna meseji chabe, yolowa na mukafoni ka mabatani.

"Iwe ufuna tibwerere kumakalata a papositi," ati mwana wanga.

"Na iwe upangira anzako a muofesi. Ambuya ba ku Misisi mabandulo a intaneti azayatenga kuti?"

Vinali kunikumbutsa atate, amene anachoka ku Malawi kubwera kusewenza panjanji. Iwo na amalume anakangana mpaka kukalamba pa njinga iti yolimba, koma onse awiri anali kuyenda pansi.

Pomaliza anati ayese pa ine. Anaika apu mufoni yanga yaikulu, ija nimamverera nyimbo za kwaya, ati nilembemo tsiku langa nekha, azafunsa mawa. Ninayesa. Tumalembo tung'ono ngati nyerere, chala changa chinauma na singano, nikagwira apa kutseguka kwina. Ninapita kwa aneba oluka tsitsi, ananichitira osaleka na kuluka.

M'mawa mwake, mlendo ali pompo, mwana anifunsa, "Amai, vinayenda?"

Manje imwe, mwana wako ungamuchititse manyazi pamaso pa mlendo? Ise sitinakule tero. Ngakhale ndiwo zapsa, umati zakoma, vinango mukamba mlendo akapita.

"Vinayenda bwino, mwanawanga."

Anamuseka mnzake mpaka kugwira pamimba. Uja anangoti, "Chabwino, nagonja."

Pa Chitatu, nili kutsuka mbale, abwera ati, "Amai, pa Chisanu tipita tonse, mukawaonetse mabwana mwamene munachitira."

M'maganizo ninaona nili chiimire pamaso pa anthu a mataye, apu yanikanga, mwana wanga nchito yatha chifukwa cha ulemu wanga. Ninamuuza vonse, na va aneba.

Ninaganiza azakalipa. Anakoka mpando, ati, "Nkhalani. Chitaninso, ine sinizakuthandizani."

Anayang'ana chala changa chikusochera, alemba papepala. Kawiri ninaona dzanja lake lifuna kunilanda foni, alibweza. Atatha anatumira foni wa ku Kitwe kuti abwere. Uja atafika sanaseke. Anangoti, "Bamayo, kunchito kwathu wonena kuti vyakanga ndiye timamukonda."

Masiku awiri aja anagwetsa vithunzi, anapanga va meseji. Pa Chisanu anapita okha, mwana wanga anauza mabwana zoona, kuti apu inakanga amai ake. Mabwana anawapatsa masabata awiri ena, ndipo mwezi utatha nchito anamulemba. Apu yake sanaitaye, ati tsiku lake lizabwera.

Kuchokera apo sanifunsa ngati chinthu chili bwino. Amanipatsa m'manja, akhala pambali, ayang'ana.