Malo a makina pakhonde

Malemu amuna anga anali telala pakhonde la sitolo ina ya zovala pa Boma la Mchinji. Ine ndinkawathandiza kuika mabatani ndi kupinda nsalu m'mphepete, mpaka ndinaphunzira kupalasa makina ndekha. Atamwalira, mwini sitoloyo anabwera kumaliro kwathu ku Guilleme, nandiuza pamaso pa anthu kuti, "Alamu, malo aja ndi anu. Achimwene akhalapo nthawi yaitali, palibe wina adzakhalepo." Iwo ndi malemu sanali pachibale, koma ankaitanana choncho.

Malowo anali kakona chabe, pakati pa chipilala ndi zenera. Koma panali denga, ndipo aliyense wotsika minibasi kapena wobwera panjinga kuchokera ku Mkanda ankadziwa kuti telala ali pamenepo. Ndinakhalapo, ndipo ana ankadya.

Chaka chimene ndikunenachi alamu anapikula katundu wambiri ku Chipata, poyembekezera Khirisimasi. Madiresi onyezimira, majekete, mathalauza, tinsapato ta ana. Anthu anabwera, kugwiragwira, kufunsa mtengo, n'kupita kukaunjika. Chaka chatsopano chinapeza mashelefu ali odzaza. Kenaka sitolo yaikulu ya tsidya la msewu inatulutsa masipika ndi mapepala ofiira pamazenera, kulengeza kuti zonse zatsika mtengo. Anthu onse anakhamukira kumeneko.

M'mawa wina alamu anaima pafupi ndi makina anga, akukanda m'mutu.

"Alamu, mundikhululukire. Nanenso ndiyambe selo, nditsitse mitengo, apo ayi ndifa nazo nsaluzi. Ndikufuna kutulutsa katundu yense pakhonde kuti anthu aziona. Musunthire kaye kuseri, ikatha mubwerera."

"Kuseri kulibe denga, alamu. Ndi mvula ino?"

"Ndikupatsani pepala la pulasitiki. Sizitenga nthawi."

Sindinalimbane nawo. Khondelo linali lawo, ndipo nkhope yawo inali ya munthu amene sakugona. Tinanyamula makina awiriwiri, kukawaika kuseri pafupi ndi khoma, pamene madzi a padenga amagwera pafupi ndi mapazi.

Januwale ndi mwezi woti munthu asunge kangachepe kake, chimanga chatha m'nkhokwe, feteleza wachiwiri akufunika. Koma mawu oti "zatsika" amalowa m'mutu ngati mowa. Anthu ankagula. Vuto linali lakuti zotsala za Khirisimasi zimakhala zazikulu kwambiri kapena zazing'ono kwambiri, zapakati zinapita kale. Ndiye ankagula kutsogolo, n'kuzungulira kuseri kwa ine.

Ndimakumbukira mayi wina wa kwa Zulu amene anabwera ndi mnzake, atanyamula thalauza lakuda.

"Amayi, mundibwezere ili. Ndi la bambo a kunyumba."

Ndinalitambasula, manja anga osafika kumapeto kwa chiuno. "Kodi amuna anu alipo angati?"

"Mmodzi yemweyo, ndipo ndi woonda ngati nsungwi."

"Nanga munaguliranji?"

"Linatsika mtengo, ndilisiye? Akakolola anenepa."

"Anenepa liti?" anatero mnzakeyo. "Chikwatiranireni tikudikira. Asokereni awiri, lina azivala kutchalitchi."

Tinaseka, koma ntchitoyo inandidyera tsiku lonse. Kubweza chovala si kusoka. Umayamba wamasula msoko uliwonse ndi lezala, maso ali pafupi ndi nsalu, kenaka kudula, kenaka kulumikiza zimene wina analumikiza kale. Malemu ankakana ntchito imeneyi, ankati anaphunzira kupanga zovala, osati kuzichiritsa. Ine ndinalibe mwayi wokana. Ndipo ukatchula mtengo, munthu ankadzidzimuka. "Aa amayi, kubweza kudule kuposa thalauza lomwe?" Woti abweretse nsalu kuti ndimusokere diresi latsopano panalibe. Angabweretse bwanji, pamene losokasoka likugulitsidwa motchipa kuposa nsalu?

Kutsogolo nako sikunali mtendere. Amene anagula Khirisimasi isanafike ankabwera kudzakalipa, poona diresi lomwe lija lapachikidwa pamtengo wina. Mayi wina ndinamumva ndili kuseri. "Ndiye kuti munandibera, eti? Chaka chamawa ana anga adzavina Khirisimasi mu Januwale!" Alamu ankangopepesa. Akatsitsa, a tsidya lija ankatsitsanso. Madalaivala a mathiraki odikira kumalire ankagula malaya angapo nthawi imodzi, n'kumanenererabe, poti ankaona kuti mwiniwake watopa.

Ndinkawafunsa za malo anga nthawi ndi nthawi.

"Zatsala pang'ono, alamu. Pirirani."

Ndinapirira. Mvula ikayamba ndinkaphimba makina ndi pepala lija, ine n'kuima chotsamira khoma, nsalu za anthu zili m'chitenje pachifuwa. Ikakata, ndinkapukuta ndi kuthira mafuta. Komabe dzimbiri linayamba pamapazi a makina, lamba ankalendewera chifukwa cha chinyontho, ulusi unkangoduka. Makasitomala akale a malemu akaona zovala zili pakona paja, ankaganiza kuti ndinasiya, ndipo ankapita kwa telala wina kumsika. Msana unkandiwawa mpaka m'khosi.

Fodya asanayambe kugulitsidwa, alamu anabwera kuseri masana ena, nakhala pabenchi langa. Anatola kachidutswa ka nsalu pansi, n'kumakapinda.

"Ndikutseka, alamu. Katundu wapita, koma palibe chimene ndagwira. Mwini nyumba wapeza wina wogulitsa mbewu ndi feteleza. Ine ndikubwerera kumudzi."

"Nanga khonde?"

"Wobwerayo ndamuuza za inu. Mukalankhule naye nokha. Ine mawu anga atha mphamvu."

Sindinawakwiyire. Anandilonjeza malowo ndi mtima woona, koma analonjeza chinthu chimene nawonso ankachita kubwereka.

Mwini sitolo watsopanoyo anali mwamuna wachinyamata, waulemu ndithu. Ndinamupeza akuyeza khonde ndi tepi. Ndinamufotokozera kuti amuna anga anasoka pakona apo mpaka tsiku limene anadwala, ndipo ine sinditenga malo ambiri.

"Pepani mayi," anatero. "Pano tiika zitsulo mozungulira, pazikhala matumba. Bambowo ine sindinawadziwe. Kuseriko mukhoza kukhalabe, sindikuthamangitsani."

Ndinathokoza. Ndinapita kuseri, ndinayang'ana matope aja ndi mitambo imene inali kusonkhananso cha kumalire, ndipo ndinadziwa kuti makinawo sangapirire dzinja lina pamenepo. Ndinamaliza siketi imene inali pansi pa singano, mwini wake anabwera kudzatenga. Kenaka ndinamasula mutu wa makina, ndinaukulunga m'chitenje, n'kuitana akabaza awiri, wina wa mutu, wina wa miyendo. Ine ndinakwera minibasi, ndinakawadikirira pamphambano ya ku Guilleme.