Anandibisira Matenda Anga Miyezi Inayi

Chotupacho ndinachipeza ndekha ndikusamba, kubere lakumanzere, cholimba ngati nthanga ya bwemba. Sichinkapweteka. Kuchipatala anadulapo kachidutswa nati akatumiza kutauni kuti akakaunike, ndipo zotsatira adzaimba foni. Ine foni ndinalibe, choncho ndinapereka nambala ya achimwene, popeza ndiwo mwini mbumba kwathu. Mpaka lero ndikakumbukira pakamwa panga pakutchula nambala ija, ndimafuna kudzimenya.

Inali nyengo yowokera mpunga ku Bwanje. Tsiku lililonse ndikamachokera kumunda, matope ali m'maondo, ndinkadutsira kwa achimwene.

"Aimba?"

"Sanaimbe, mlongo. Kukhala chete ndiye kuti zili bwino."

Ndinawakhulupirira. Koma anthu anayamba kundikonda modabwitsa. Mlamu wanga, amene sanandibwerekepo ngakhale mchere, anayamba kunditungira madzi. Azakhali anabwera kuchokera ku Mtakataka ndi mizu yoti ndizimwa, ati yowonjezera magazi. Amayi a kutchalitchi ankabwera kudzapemphera Lachinayi lililonse, maso awo akuthawa anga. Ine chitsiru ndinkangoti ndili ndi abale abwino.

Mpunga utacha, khungu la bere linali litakwinyika ndipo m'khwapa munatuluka kena. Ndinakwera kabaza kupita kuchipatala osauza munthu. Adokotala anatsegula bukhu langa, nayang'ana pepala lina, kenako anandiyang'ana ine.

"Mayi, munali kuti? Tinaimba kawiri. Anayankha bambo wina, tinamuuza kuti ndi khansa, mubwere sabata yomweyo."

Ndinali kuti? Ndinali m'matope, ndikupirikitsa mbalame mumpunga, pamene mudzi wonse unkadziwa zimene zili m'bulauzi mwanga. Anachita kukhalirana pansi, achimwene, azakhali ndi ena, nagwirizana kuti mawu akuti khansa angandiphe ndi maganizo. Anaweruza za bere langa ine kulibe, ngati akugawana munda wa womwalira.

Adokotala anandifotokozera mosabisa, akujambula papepala. Pamene ankaimba, chotupa chinali pamalo amodzi. Tsopano chinali chitafika m'khwapa, ndiye bere lonse lichoke, kenako mankhwala a m'diripi. Ndinamva zonse ndipo sindinakomoke. Ndinafunsanso mafunso atatu.

Nditafika kumudzi ndinapeza achimwene akupuntha mpunga, ndipo ndinawafunsa chifukwa chimene anandibisira.

"Tinkakusungira mtima, mlongo," anatero, ndodo ili m'manja. "Tinkachita mwachikondi."

Chikondicho ndikuchidziwa, n'chifukwa chake ndimapsa mtima kwambiri. Mdani ndikanamutukwana n'kuthana naye.

Bere linachoka. Ndinagula kafoni kanga ku Golomoti, nambala yake ndimaitchula ngakhale mutandidzutsa kutulo. Ndikabwerako kusikelo ya matendawa, achimwene amafika n'kukhala pakhonde, chipewa chili pabondo.

"Adokotala akuti bwanji ulendo uno?"

Ndimawauza zonse, osasiyako kanthu, ngakhale zimene safuna kumva. Ulendo wathawu akuti chotupa chaonekanso m'mapapo. Anagwira mutu, misozi ili chuchuchu.

"Mwamva, achimwene," ndinatero. "Ndipo simunafe."