Mkono Umodzi wa Ambokile

Ambokile ndi wa ku Kaporo, mlimi wa mpunga monga analili bambo ake. Kukolola kukatha ankagwira ganyu pachigayo chopunthira mpunga, ndipo n'komweko kumene lamba wa makina anamukoka malaya n'kumuphwanya mkono wamanja. Kuchipatala anaudula pamwamba pa chigongono. Mkazi wake anali atamwalira kale, moti pakhomo panali mayi ake okalamba ndi ana awiri aakazi a kupulayimale.

Pulawo sankathanso kuigwira. Kuwokera mbande m'matope ndi dzanja limodzi kunkamuthera tsiku pa kachigawo kamene ena amamaliza m'mawa. Munda anabwereketsa, iye n'kumaweta ng'ombe za eni ake kuti azimupatsako mpunga.

Kutamveka kuti kukubwera anthu odzalemba mabanja oyenera kulandira thandizo la boma, a Lawi, oyandikana nawo nyumba, anamuyitanira pambali.

"Amafuna khomo lopanda munthu wotha kugwira ntchito," anatero a Lawi. "Akakupezani muli chilili akudumphani. Mugone, achimwene."

Tsikulo Ambokile anayala mphasa pakhonde n'kudzifunditsa chitenje cha mayi ake. Wolembayo anali mayi wina dzina lake Sheila, wochokera ku boma. Atangoyamba kufunsa, ng'ombe ziwiri mwa zimene ankaweta zinadula chingwe n'kulowa m'nazale ya mpunga ya a Lawi. Ambokile anataya chitenje, n'kuthamanga akukalipa m'Chinkhonde mpaka anazitulutsa. Anabwerera ali wefuwefu, matope mpaka m'mawondo. Pamphasa paja sanagoneponso.

"Ndiye mwachira, bambo?" anafunsa Sheila.

"Sindinadwale, mayi. Miyendo ndili nayo. Mkono ndi umene ndilibe."

"Mungalime?"

"Iyayi."

"Nanga mumatha chiyani?"

"Zomwe mwaonazi basi."

Sheila analemba zimene anamva, osaseka, n'kupita khomo lina.

Nkhaniyo inakathera pamsonkhano wa mudzi wonse, pomwe mayina ankawerengedwa kuti anthu avomereze. Ena anati munthu wothamangitsa ng'ombe chotere ndi wamphamvu, asatsekereze nkhalamba. Mayi wina anayankha kuti kuweta n'kwa ana, sikudyetsa khomo la anthu anayi. Ambokile anakhala kumbuyo. Anthu atatopa kukangana, dzina lake analisiya pamndandanda.

Thandizolo linayamba kubwera mvula itagwa kale, ndipo limachedwa nthawi zina. Ndi ndalama zimene ankalandira anagulira ana mayunifolomu, kenako mbuzi yaikazi. Ng'ombe sanasiye kuweta, ngakhale alipo amene amati wolandira sayenera kuoneka kudambo. Chaka chathachi madzi atasefukira, anasamutsira banja lake kusukulu pamodzi ndi anthu ena, ndipo atabwerako anakonza khoma la nyumba yake limene linagwa, mwana wake wamkulu akumupatsira njerwa. Tsopano akuphunzira kulemba dzina lake ndi dzanja lamanzere, chifukwa kudinda chala polandira thandizolo sakufuna.